Mapazi akamayaka usiku: kutsitsa shuga, mapiritsi a ululu kapena mavitamini?

Azakhali anga amagona ndi beseni la madzi ozizira pambali pa bedi. Cha m'ma 1 koloko usiku mumangomva kuti chubwi, kenako kuusa moyo. Ndiye kuti mapazi ayambapo. Masana amayenda bwinobwino, kumsika amapita, kumvano salephera, koma kukangoda zala za kumapazi zimayamba kunyerenyetsa ngati aponda linthumbu, kenako moto. "Mwana wanga, bulangete lomweli likundiwotcha," anandiuza tsiku lina, mapazi ali panja pa zofunda kukuzizira mwezi wa June.

Ali ndi matenda a shuga a mtundu wachiwiri, aja amabwera munthu atakula. Malangizo ndiye sasowa. Wina akuti tsitsani shuga basi, zonse zitha. Wina akuti gulani mavitamini a B. Mnzawo wa kutchalitchi anawapatsa timapiritsi ta amitriptyline totsala kwa amuna ake. Mdzukulu anawaonetsa botolo la pa Facebook lomwe akuti limatsuka mitsempha. Malangizowa si onse abodza, koma sagwira ntchito imodzi. Pali kupulumutsa mtsempha kuti usapitirire kufa, ndipo pali kutontholetsa ululu kuti munthu agone. Zomwe zimachita choyambacho kawirikawiri sizichita chachiwiricho, ndipo zomwe zimachita chachiwiricho sizikhudza n'komwe choyambacho.

Vutoli si la anthu ochepa. Kafukufuku wa pa kiliniki ya shuga ya chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, yemwe anasindikizidwa mu 2010, anayeza odwala 620 ndipo pafupifupi theka anapezeka ndi mitsempha yowonongeka.

Chikuwotcha n'chiyani kwenikweni

M'Chichewa mawu akuti mtsempha amasenza katundu muwiri: wonyamula magazi ndi wonyamula mauthenga, uja umakuuzani kuti mwaponda munga. Pano tikunena wa mauthenga, ngakhale kuti winawo alowamo posachedwa.

Minofu ndi mafuta a m'thupi zili ndi chitseko: shuga salowa wambiri pokhapokha insulini, chinthu chomwe thupi limapanga chowongolera shuga, atsegule. Mitsempha ilibe chitseko chotere. Shuga akachuluka m'magazi, amachulukanso mkati mwa mtsempha, ufune usafune. Ndiye selo limasowa pomuika. Shuga wina limamutumiza kunjira yam'mbali, komwe kanthu kotchedwa aldose reductase kamamusandutsa sorbitol, yemwe pambuyo pake amasanduka shuga wina wotchedwa fructose. Sorbitol savuta kupanga koma amavuta kutuluka m'selo, ndipo pomupanga selo limawononga zinthu zomwe likanagwiritsa ntchito pokonzanso glutathione, yemwe ndi mlonda wolimbana ndi dzimbiri la mkati mwa maselo. Nthawi yomweyo timainjini ta selo totchedwa mitochondria tikuthiridwa mafuta oposa muyezo, ndipo tikutulutsa utsi wowononga. Michael Brownlee wa ku New York analemba mu 2001 kuti utsi umenewu ndiwo muzu womwe njira zina zonse zowononga zimaphukirapo.

Shuga wina amangomatirira pa mapuloteni a thupi n'kuwaumitsa. N'zofanana ndi zomwe zimachitika mandasi akamafiira m'chiwaya, kungoti m'thupi zimatenga zaka. Timitsempha ta magazi todyetsa mtsempha wa mauthenga timakhuthala makoma, ndiye chakudya ndi mpweya zimafika moperewera.

N'chifukwa chiyani mapazi amayamba? Mtsempha wopita ku chala chachikulu cha kuphazi umachokera kumsana, ndipo kwa munthu wamtali ungafike pafupifupi mita. Zonse zofunika kumapeto kwake zimachokera kumtunda. Amene anakhalapo kunyumba ya kumapeto kwa paipi ya madzi akudziwa kuti mpopi wake ndiwo umayamba kuuma. Zala zimayamba, kenako phazi, kenako kukwera ngati sokosi. Zikafika cha m'mawondo, nsonga za zala za m'manja nazo zimayamba.

Chodabwitsa n'chakuti mwa anthu awiri a mitsempha yowonongeka mofanana, wina amangomva dzanzi, wina amalira usiku wonse. Mu 2012 gulu la ku Heidelberg ku Germany, motsogozedwa ndi Angelika Bierhaus, linaloza chala methylglyoxal, chinyalala chomwe chimatsala shuga akamaphwanyidwa. Chinyalalachi chimasintha kachipata ka sodium kotchedwa Nav1.8 pa mitsempha ya ululu, moti mtsempha umayamba kutumiza mauthenga popanda chowukhudza, ngati waya wosupuka wothetheka wokha. Iwo anapeza kuti odwala omva ululu anali ndi methylglyoxal wambiri kuposa osamva ululu. Akafukufuku ena pambuyo pake sanapeze zofanana nthawi zonse, koma mfundo yaikulu inakhazikika: moto wa azakhali suli pakhungu. Khungu lawo ndi lozizira ndithu mukaligwira. Mtsempha ndiwo ukunama, ndipo pakapita nthawi msana ndi ubongo zimazolowera kukweza mawu a bodzalo.

Ndipo si shuga yekha. Mafuta a m'magazi, makamaka ma triglyceride, kunenepa kwa pamimba, BP ndi fodya zimathira nkhuni pamoto womwewo. Kafukufuku wa EURODIAB wa m'maiko a ku Ulaya, yemwe Solomon Tesfaye ndi anzake anasindikiza mu 2005, anaonetsa kuti zinthu zimenezi zimawononga mitsempha pazokha, ngakhale mutachotsapo mbali ya shuga.

Kutsitsa shuga: kofunika, koma si kofanana kwa aliyense

Kwa odwala a mtundu woyamba, aja matupi awo sapanganso insulini ndipo nthawi zambiri amayamba ali ana, umboni ndi wamphamvu. Kafukufuku wa DCCT wa ku America ndi Canada, wa anthu 1,441, anatuluka mu 1993: omwe anasunga shuga pafupi ndi mlingo wabwino anachepetsa kuwonongeka kwa mitsempha ndi 60 peresenti. Palibe piritsi lililonse lomwe lafikapo pamenepo.

Kwa a mtundu wachiwiri, omwe ndi ochuluka kwambiri kwathu kuno, nkhani ndi yofooka. Kafukufuku wamkulu wa ACCORD, wa anthu oposa 10,000, anayesa kukankhira HbA1c, muyezo woonetsa m'mene shuga wakhalira m'magazi m'miyezi pafupifupi itatu yapitayo, pansi pa 6 peresenti. Phindu pa mitsempha linali lochepa, ndipo mu 2008 mbali imeneyo ya kafukufukuyo inaimitsidwa chifukwa okankhidwa kwambiriwo ankamwalira ochulukirapo. Chifukwa chake sichovuta kumva: munthu wa mtundu wachiwiri amakhala zaka zambiri asanadziwe, mafuta ndi BP zikugwira ntchito yake mwakachetechete, ndiye shuga ndi mbava imodzi chabe mwa zingapo. Izi sizikutanthauza kuti musiye kusamala, poti maso ndi impso zikudalira shuga yemweyo. Zikutanthauza kuti musayembekeze kuti nambala ikatsika moto uzima sabata yomweyo.

Pali msampha womwe sutchulidwa kawirikawiri pamzere wa kukiliniki. Munthu wakhala zaka ndi shuga wokwera kwambiri, kenako wachita mantha, mwina mnzake wamudula mwendo. Wasiya nsima, wasiya zonse, wayamba jakisoni, ndipo m'miyezi iwiri shuga wagwa ngati mwala. Pakangopita masabata ochepa ululu woopsa umabuka, nthawi zina mpaka m'ntchafu ndi pamimba, ndi chizungulire akaimirira. Madokotala anaziona kale mu 1933. Christopher Gibbons ndi Roy Freeman a ku Boston anawerengera mu 2015 kuti HbA1c ikatsika ndi mapointi 2 mpaka 3 m'miyezi itatu, munthu mmodzi mwa asanu amagwidwa ndi vutoli; ikatsika ndi oposa 4, anthu oposa 80 mwa 100. Kuthamanga sikufika. Ngati shuga wanu wakhala kumwamba kwa nthawi yaitali, gwirizanani ndi adokotala za liwiro lotsikira, osati za kotsikira kokha.

Kuyenda, kuchepetsa thupi, kusiya fodya

Njira iyi ilibe botolo, ndiye anthu amaiderera. Koma ndi yokhayo yomwe imamenya mbava zonse nthawi imodzi. Ku Utah mu 2006, anthu omwe shuga wawo anali atangoyamba kukwera anasintha kadyedwe ndi kuchita zolimbitsa thupi kwa chaka, ndipo atawadula kachikopa kakang'ono pamwendo n'kuyang'ana pa makina, timitsempha ta pakhungu tinali titachulukanso. Timitsempha ting'onoting'onoti timaphukanso ngati tapatsidwa mpata msanga.

Kwathu sizifuna ndalama zambiri. Mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, mitanda iwiri kusanduka umodzi, nyemba, usipa, chisoso ndi bonongwe kudzaza mbale, tiyi wopanda masupuni atatu aja, thobwa lotsekemera ndi Sobo kukhala za alendo. Kuyenda mwandawala theka la ola masiku ambiri pa sabata. Chovuta chake n'chakuti phindu limachedwa, ndipo munthu amene sanagone usiku wonse simungamuuze zoyenda m'mawa. Komanso wa mapazi a dzanzi asayende ndi nsapato zothina kapena wopanda nsapato. Ngati pali chilonda pansi pa phazi, ayambe wapoletsa chilondacho.

Musanaimbe mlandu shuga yekha

Apa m'pomwe ine ndikanayambira, chifukwa m'pomwe pali zinthu zochizika. Metformin, mankhwala omwe ambiri amayambira, akamwedwa zaka zambiri amatha kuchepetsa vitamini B12 m'thupi, ndipo kusowa B12 kumabweretsa dzanzi lofanana ndendende ndi la shuga. Isoniazid wa TB, ngakhalenso womwa poteteza TB, amawononga mitsempha ngati sakuperekezedwa ndi pyridoxine, yemwe ndi vitamini B6. Kapiritsi kameneko si kokongoletsa. Amene anayamba ma ARV kale akukumbukira stavudine, yemwe anali m'mankhwala oyambirira m'Malawi mpaka anachotsedwa pakati pa 2011 ndi 2013. Ambiri anawasiyira mapazi oyaka mpaka lero. Kachilombo ka HIV pakokha kamawononganso mitsempha. Mowa, makamaka kachasu, nawo ndi wotero. Impso zofooka, chithokomiro chaulesi, ngakhale khate, zonsezi zimabisala kumbuyo kwa shuga.

Ndiye funso la mavitamini liyankhidwe motere: ngati B12 ndi wochepa, kumubwezera kumathandizadi, ndipo nthawi zina ndi jakisoni. Ngati si wochepa, mukungokometsa mkodzo. Ndipo B6 womwedwa wambiri kwa nthawi yaitali amawononga mitsempha yomweyo mukufuna kuipulumutsayo.

Zizindikiro zina zimasonyeza kuti mwina si shuga n'komwe: ululu wa mwendo umodzi wokha, kufooka kwa minofu kobwera mofulumira, manja kuyamba mapazi asanayambe, kapena ululu wa m'katumba womwe umabwera mukamayenda n'kusiya mukaima. Womalizawu nthawi zambiri ndi wa mitsempha ya magazi yotsekeka, ndipo mankhwala ake ndi ena.

Mankhwala olimbana ndi gwero

Munthu akamva za sorbitol amafunsa mwanzeru: bwanji osangotseka kanjira kameneko? Anayesa kwa zaka makumi angapo. Pa makoswe zinkayenda bwino kwambiri. Pa anthu, sorbinil anabweretsa ziwengo zoopsa, tolrestat anachotsedwa pamsika chifukwa chowononga chiwindi. Wotsala ndi epalrestat, yemwe wakhala akugwiritsidwa ntchito ku Japan kuyambira 1992, komanso ku India ndi China. Amachedwetsa kuwonongeka pang'ono, makamaka kwa omwe shuga wawo ali kale bwino, koma ku America ndi ku Ulaya sanavomerezedwe.

Alpha-lipoic acid, yemwe ndi wolimbana ndi dzimbiri lija, ndi wotchuka ku Germany. Pa mlingo wa 600 mg anachepetsa zizindikiro pa kafukufuku wa masabata asanu, koma pa wa zaka zinayi wotchedwa NATHAN 1 sanakwaniritse cholinga chachikulu chomwe ankayezera. Benfotiamine, m'bale wake wa vitamini B1, ali pamalo ofanana: nzeru yake ndi yomveka, umboni ndi wopyapyala. Zatsopano ndi za serine, kamodzi mwa tizidutswa tomwe thupi limamangira mapuloteni. Mu 2023 gulu la ku Salk Institute ku California linaonetsa kuti mbewa za shuga zikasowa serine, matupi ake amapanga mafuta olakwika omwe ndi poizoni ku mitsempha, ndipo kuzipatsa serine kunachedwetsa matendawo. Koma zimenezo ndi mbewa. Wokugulitsani serine lero akugulitsani chiyembekezo.

Maganizo anga ndi akuti ngati ndalama ndi zowerengeka, gulu lonseli likhale lomaliza. Botolo la pa Facebook lija ndiye sindiliwerengera n'komwe. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: simudziwa zomwe zilimo, ndipo impso za munthu wa shuga sizili zoyesera.

Otontholetsa ululu

Tiyambe ndi osagwira. Panado, Brufen ndi diclofenac ndi a kutupa ndi mabala, osati a waya wothetheka. Awiri omalizawo akamwedwa tsiku ndi tsiku amapweteka impso ndi m'mimba. Azakhali anamwa diclofenac miyezi ingapo, wogula pa golosale, asanauze aliyense.

Ogwira ndi atatu kapena anayi. Amitriptyline ndi wakale, wotsika mtengo, ndipo ndi amene amapezeka kawirikawiri m'zipatala za boma. Anapangidwira matenda a kukhumudwa, n'chifukwa chake ena amakhumudwadi akawerenga pepala la m'bokosi, koma pa ululu amaperekedwa pa mlingo wochepa, kuyambira 10 kapena 25 mg usiku. Amagonetsa, zomwe kwa munthu wa beseni pambali pa bedi ndi mphatso. Koma amaumitsa kukamwa, amadzimbitsa, amachititsa chizungulire podzuka, ndipo kwa abambo achikulire a vuto la prostate amatha kutseka mkodzo. Wa vuto la mtima kapena wokalamba kwambiri asamuyambe payekha.

Duloxetine, kawirikawiri 60 mg pa tsiku, sagonetsa kwambiri ndipo amathandiza ngati ululu wabwera ndi nkhawa. Masiku oyamba amachititsa nseru, ndipo sagwirizana ndi chiwindi chodwala kapena mowa wambiri. Pregabalin ndi mkulu wake gabapentin amachepetsa phokoso la mitsempha pa msana. Amabweretsa chizungulire, kutupa miyendo ndi kunenepa, mlingo wake umatsitsidwa impso zikafooka, ndipo amatha kuzolowereka, moti ku Britain anaikidwa m'gulu la mankhwala olondoledwa mu 2019. Awiriwa ndi duloxetine nthawi zambiri ndi ogula ku famase, mwezi ndi mwezi.

Wabwino kwambiri ndi uti? Funsoli linayankhidwa mu 2022 ndi kafukufuku wa OPTION-DM, wotsogozedwa ndi Tesfaye yemwe uja ku Sheffield. Odwala omwewo anayesa njira zitatu motsatizana: kuyamba ndi amitriptyline, kuyamba ndi pregabalin, kapena kuyamba ndi duloxetine, n'kuwonjezera wachiwiri ngati woyamba sanakwanire. Pa sikelo ya 0 mpaka 10, ululu unatsika kuchoka pa 6.6 kufika pa 3.3 m'njira zonse zitatu. Panalibe wopambana. Kwa ife uwu ndi uthenga wabwino: wotchipa uja si wa anthu osauka, ndi wofanana mphamvu ndi odulawo. Chosankhira ndi thupi lanu, matenda ena omwe muli nawo, ndi thumba. Taonaninso nambalayo: 3.3, osati 0. Ululu ukatsika ndi theka n'kumagona, mankhwala agwira. Ambiri amasiya pa tsiku lachinayi, pomwe pamafunika masabata angapo, mlingo ukukwezedwa pang'onopang'ono, ndipo posiya nawonso amatsitsidwa pang'onopang'ono.

Carbamazepine, wa khunyu uja, amaperekedwabe m'malo ena chifukwa ndi amene alipo. Amene ali pa ma ARV a dolutegravir, omwe ambiri m'Malawi akumwa kuyambira 2019, anene msanga, chifukwa carbamazepine amafooketsa dolutegravir m'magazi. Dolutegravir yemweyo amakweza metformin m'thupi, ndiye mlingo wa metformin umafunika kuonedwanso. Mabuku onse awiri a kuchipatala azipita limodzi, ngakhale makiliniki ake ali masiku osiyana.

Tramadol ndi morphine amagwira masiku oyamba, kenako thupi limafuna wochulukirapo. Bungwe la madokotala a mitsempha la American Academy of Neurology linalangiza mu 2022 kuti asagwiritsidwe ntchito pa ululu umenewu, womwe ndi wa zaka osati wa sabata.

Palinso tsabola. Capsaicin, chomwe chimawawitsa kambuzi, akapakidwa pakhungu amatopetsa nsonga za mitsempha ya ululu mpaka zimakhala chete. Chigamba champhamvu cha 8 peresenti chinavomerezedwa ku America pa mapazi a shuga mu 2020, chimaikidwa kuchipatala kwa mphindi 30 ndipo chimagwira pafupifupi miyezi itatu. Si chifukwa chosinjira kambuzi n'kumata kuphazi. Khungu la munthu wa shuga likasupuka, nkhani imakhala ina. Kachipangizo ka magetsi koikidwa kumsana nakonso kalipo kwa omwe zonse zakanika, koma mtengo wake ndi wa maiko ena.

Ululu ukasiya wokha

Chaka chatha azakhali anandiuza mosangalala kuti phazi lakumanzere lasiya kuvuta. Lakumanja lokha ndilo linkayakabe. Kukiliniki anamwino anatenga kaulusi kolimba koyesera ngati phazi likumva, anawauza kuti atsinzine, n'kuyamba kugunda pansi pa phazi. Kumanja ankati "eya, pamenepo" nthawi iliyonse. Kumanzere anakhala chete, akudikira kuti anamwino ayambe, pomwe anali atagunda kale malo anayi.

Mtsempha womwe ukulira ndi wamoyo. Ukafa, ululu umatha, ndipo limodzi nawo amapita mlonda yemwe ankakuuzani za mwala mu nsapato, msomali, madzi otentha a m'bafa ndi mbaula ya mwezi wa June. Zilonda zambiri zomwe zimathera kodula mwendo zimayamba motero, pa phazi losamva kanthu. Pamenepa palibe piritsi la m'nkhani ino lomwe lingathandize. Chothandiza ndi maso: kuyang'ana pansi pa mapazi ndi pakati pa zala madzulo aliwonse, kukutumula nsapato musanavale, kuyesa madzi ndi chigongono, kupaka mafuta pa zidendene zong'aluka koma osati pakati pa zala, kusadula zikang'a ndi lezala, ndi kupita kuchipatala tsiku lomwelo mukaona chilonda, ngakhale chisakupweteka. Beseni lija nalonso anamwino analikana: kuviika mapazi nthawi yaitali kumafewetsa khungu n'kuling'amba.

Pano azakhali amamwa amitriptyline wawowawo, wolembedwa ndi adokotala, cha m'ma 7 koloko madzulo kuti m'mawa asadzuke ali zandizandi. B12 wawo anapezeka wotsika ndipo akubayitsa. Beseni linabwerera kukhitchini. Pamalo pake pali kagalasi kakang'ono koyang'anira pansi pa phazi, ndipo masiku omwe msana wakana kuwerama amaitana mdzukulu uja wa botolo la pa Facebook: "Iwe, bwera ndi tochi ya foni yakoyo, undione kumanzereku."